Mapu a pa foni akamajambula mzere wowongoka kapena kumangosinthasintha njira kuno ku Joni

Pali madandaulo awiri amene sakutha pakati pa ife Amalawi odyera pa msewu kuno ku Joni, kaya ndi achimwene operekera zakudya pa njinga yamoto, oyendetsa galimoto zoitanitsa pa foni, kapena achemwali amene atumiziridwa lokeshoni ya ganyu yochapa ku Fourways. Loyamba ndi lakuti mapu, m'malo mosonyeza msewu, angojambula mzere wowongoka kuchokera pamene mwaima mpaka kumene mukupita, kudutsa pa madenga a eni, pa njanji ndi pa mtsinje. Lachiwiri ndi lakuti muli m'njira yoyenera, simunakhote paliponse, koma foni ikungoti ikufuna njira ina, kenako ikuti tembenukani, kenako ikuti pitirirani. Ambiri amathamangira kunena kuti foni yatha. Ena amachotsa app n'kuikanso, mawa lake vuto lomwe lija.

Kuti foni ikutsogolereni imayenera kudziwa zinthu zitatu nthawi imodzi: pamene inu muli, kumene mukupita, ndi misewu yolumikiza malo awiriwo. Chilichonse mwa zitatuzi chikasokonekera, zimene mumaona pa sikirini zimafanana, koma mankhwala ake amasiyana kutalitali. Munthu amene data yamuthera akhoza kupukusa foni m'mwamba tsiku lonse kuti akonze kampasi, palibe chingasinthe. Ndiye musanagwire batani lililonse, imani pamalo abwino muyang'ane kadontho kabuluu kamene kamaimira inuyo. Kodi kali pamene mwaimadi? Yankho lake ndi limene likuuzeni koyambira.

Kadontho kakakhala pamalo olakwika

Foni imadziwa pamene ili pomvetsera masetilaiti a GPS amene amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kuchokera pansi pano. Setilaiti iliyonse imaulutsa nthawi ndi malo amene ili, ndipo foni imawerengera kuti uthengawo wayenda nthawi yaitali bwanji. Ikamva masetilaiti osachepera 4 imapeza malo ake. Mafoni ambiri a masiku ano amamvanso masetilaiti a Galileo a ku Ulaya, GLONASS a ku Russia ndi BeiDou a ku China. Kumvetserako sikudya data, ndipo pabwalo poyera, pamene thambo likuoneka lonse, foni imaphonya ndi mamita pafupifupi 5 okha. Koma uthengawo umafika uli wofooka zedi. Denga la konkire limautchinga, khoma la magalasi limaubweza.

M'tauni mwa Joni ndi mmene zimenezi zimaonekera bwino. Mukakhala pansi pa Carlton Centre, nyumba ya nsanjika 50 yotalika mamita 223, kapena m'misewu ya Hillbrow ndi Berea kufupi ndi nyumba yaitali ya Ponte, thambo limene foni ikuona ndi kampata kakang'ono ka pamwamba pa msewu basi. Uthenga wina umafika utayamba wagunda khoma la nyumba ya kutsidya n'kubwerera, monga amachitira mawu munthu akakuwa m'chigwa cha pakati pa mapiri. Uthenga wozungulira choncho umachedwa, foni n'kuyesa kuti setilaitiyo ili kutali kuposa mmene ilili, ndipo kadontho kamasunthira pambali ndi mamita makumi angapo. Tsono misewu ya m'tauni ndi yoyandikana kwambiri, yambiri yolowera mbali imodzi. App ili ndi khalidwe lokokera kadontho ku msewu umene uli pafupi, ndiye inu muli mu Lilian Ngoyi, umene ambiri akuutchulabe Bree, iyo ikhoza kukuikani mu Rahima Moosa, Jeppe wakale uja. Ikatero imakhulupirira kuti mwasochera n'kuyamba kufuna njira yatsopano. Pakapita masekondi pang'ono kadontho kabwerera, ifunanso ina. Ku Sandton, pakati pa nyumba zamagalasi za m'mbali mwa Rivonia Road ndi Maude Street, zimachitika chimodzimodzi.

Vuto la nyumba zazitalili simungalithetseretu, koma mukhoza kulichepetsa. Yatsani Wi-Fi ngakhale simukulumikiza ku netiweki ina iliyonse, chifukwa foni imagwiritsa ntchito ma Wi-Fi a m'nyumba zozungulira pothandizira GPS. Pa Android lowani mu Settings, kenako Location, muone kuti Location Accuracy ndi Wi-Fi scanning n'zoyatsa. Chachikulu kuposa zonsezi ndi kuwerenga njira musanalowe m'tauni. Tsegulani mndandanda wa mokhota, muloweze mayina a misewu iwiri kapena itatu, kenako muziyendera zikwangwani za m'makona. Mawu a pa foni akayamba kudzitsutsa okha, asiyeni alankhule mpaka mutatulukira poyera.

Pa misewu yosanjikizana ndi chimodzimodzi. GPS imavutika kwambiri kudziwa kutalika kuchokera pansi, ndiye pa M1 cha ku Newtown, pamene msewu wina uli pamwamba pa unzake, foni siidziwa bwino ngati muli pamwamba, pakati kapena m'misewu ya pansi penipeni. Pa mphambano zazikulu za Gillooly's, Buccleuch ndi Crown, pamene misewu imapiringizana, imachedwa kuzindikira kuti mwalowa mphanda iti. Musanafike pamenepo dziwiranitu nambala ya msewu ndi dzina la mzinda umene walembedwa pa chikwangwani: N3 Durban, N1 Pretoria, R24 ya ku bwalo la ndege la OR Tambo. Chikwangwani chimaonekera patali, pamene foni imalankhula mutafika kale pa mphandapo.

Pena vuto silikhala nyumba koma foni yomweyo. Ngati kadontho kazunguliridwa ndi mthunzi waukulu wabuluu wophimba dera lonse ngakhale muli poyera, n'kutheka kuti app inaloledwa kudziwa dera lokha osati malo enieni. Kuyambira pa Android 12 pali kabatani ka Use precise location pansi pa zilolezo za app iliyonse, ndipo pa iPhone kali mu Location Services, kolembedwa Precise Location. Kayatseni pa app ya mapu ndi pa app ya ntchito yomwe. Chotsatira ndi batire. Ambiri a ife timayatsa Battery saver kuti foni ifike madzulo, koma njira imeneyi imachepetsa ntchito ya app imene ili kumbuyo. Mukatsegula WhatsApp kuyankha kasitomala n'kubwerera ku mapu, mumapeza kadontho katatsalira m'mbuyo, kenako kalumpha mowongoka kudzakupezani. Kwa munthu wa pa msewu ndi bwino kugula chaja cha pa njinga kapena cha m'galimoto, n'kuika app ya mapu pa Unrestricted mu zokhudza batire. Onaninso kuti tsiku ndi nthawi zikudzikonza zokha. Ndipo ngati foni munagula kwa munthu, kadontho n'kumakakamira malo amene simunafikeko, fufuzani ngati mulibe app yonamizira malo imene mwini wake woyamba anaisiya.

Malo amene mwaika foni nawonso ndi nkhani. M'thumba la jekete, pansi pa mpando, kapena m'kabowo ka pafupi ndi giya, foni siiona thambo. Ikhale pa chogwirira pafupi ndi galasi lakutsogolo kapena pa chiwongolero cha njinga. Kuigwira m'manja mukuyendetsa ndi mlandu kuno, komanso pa maloboti a m'tauni mbala za mafoni zimayang'ana dzanja lomwelo.

Zogwirira za maginito zimasokoneza kampasi. Chizindikiro chake ndi chakuti kadontho kali pamalo oyenera koma kamuuni kosonyeza kumene mwayang'ana n'kotambalala kwambiri kapena kakuloza kumbuyo. Chotsani foni pa maginitopo, muigwire m'manja, mujambule nayo nambala 8 m'malere kangapo, kamuuniko kachepa. Kampasi imafunika kwambiri mukakhala mwaima kapena mukuyenda pansi. Galimoto ikangoyamba kuyenda, app imadziwa kumene mukulowera poona mmene kadontho kakusunthira. Choncho ponyamuka, foni ikati lowerani kumpoto inu osadziwa kumpotoko, yendani pang'ono mbali iliyonse muone ngati mukutsata mzere kapena mukuutalikira.

Kadontho kotuwa katanthauza kuti foni yataya masetilaiti ndipo ikukuonetsani pamene inakuonani komaliza. Zimachitika mukatuluka mu sitima ya Gautrain, imene imayenda pansi pa nthaka kuchokera ku Park Station kudutsa Rosebank ndi Sandton, kapena mukatuluka koimika galimoto kwa pansi ku Sandton City. Tulukani poyera mudikire mphindi imodzi kadontho kasanduke kabuluu musanadine Start. Mukafulumira, njira imawerengedwa kuchokera pamalo olakwika, ndipo ulendo umayamba ndi kusokonekera.

Kadontho kali bwino, koma msewu sukuoneka

Apa ndi pamene pamapezeka mzere wowongoka weniweni. Foni ikudziwa pamene muli ndi kumene mukupita, koma yalephera kupeza misewu ya pakati. Chifukwa chofala kwambiri ndi data.

Mukadina Start, njira imawerengedwa pa makompyuta a kampani ya mapu, n'kutumizidwa ku foni yanu yonse yathunthu. Bola mukuitsata, foni ikhoza kukutsogolerani mpaka kukafika ngakhale data itathera panjira, pakuti GPS ija siifuna intaneti. Koma mukangophonya pokhota pamodzi, pamafunika njira yatsopano, ndipo imeneyo iyenera kuchokeranso ku makompyuta aja. N'chifukwa chake vutoli limaoneka pa nthawi yoipitsitsa, mutasochera kale. Kachizindikiro kamangozungulira, njira yakale ikuoneka chapatali, ndipo ma app ena amangokoka mzere kuchokera pa inu kupita ku njirayo kapena kumene mukupita.

Musanene kuti data ilipo musanayese. Tsegulani tsamba lililonse pa intaneti muone ngati likutseguka. Ambiri timagula bandulo ya WhatsApp yokha kuti tizilankhula ndi kumudzi, ndiye mauthenga amalowa bwinobwino, lokeshoni imene bwana atumiza imafika, koma mukaidina mapu satseguka chifukwa banduloyo siigwira kumeneko. Ena data imene yatsala ndi ya usiku yokha. Magetsi akazima nthawi yaitali m'dera, nsanja za netiweki nazo zimafooka, foni n'kumaonetsa timizere ta netiweki koma intaneti osayenda. Kuyatsa Airplane mode kwa masekondi pang'ono n'kuzimitsanso kumakakamiza foni kufunafuna nsanja ina.

Mankhwala okhalitsa ndi kusunga mapu m'foni momwemo. Mu Google Maps dinani chithunzi chanu pakona, musankhe Offline maps, kenako Select your own map. Kokani bokosi limene laoneka pa mapu liphimbe kuyambira ku Soweto ndi Lenasia mpaka Pretoria, kuchokera ku Krugersdorp mpaka Benoni, n'kutsitsa muli pa Wi-Fi. Mukatero foni imatha kuwerengera yokha njira yatsopano popanda data. Mapu osungawa amakalamba, ndiye muzilowamo nthawi ndi nthawi kudina Update. Dziwaninso malire ake: amapereka njira ya galimoto yokha. Njira ya woyenda pansi, wa njinga yakapalasa kapena wokwera basi sapereka, ndipo sadziwa za kuchulukana kwa galimoto pa msewu. Ndiye achemwali amene atsika taxi ku Randburg n'kumafuna nyumba ya ganyu wapansi opanda data, mapu osungawo sawathandiza pokhapokha atasankha chizindikiro cha galimoto, ndipo njira ya galimoto ikhoza kuwazungulitsa kapena kuwalozera ku msewu waukulu kumene oyenda pansi saloledwa. Kwa oyenda pansi ndi a njinga zakapalasa ndimakonda Organic Maps kapena OsmAnd. Onsewa amatenga mapu ku OpenStreetMap, ndipo mukatsitsa mapu a dera lanu amawerengera njira m'foni momwemo, ya pansi ndi ya njinga yomwe. App ya Waze ndi yabwino pokuuzani za ngozi ndi misewu yodzaza, koma imadalira data kwambiri, musaiyembekezere kukupezerani njira ina netiweki ikasowa.

Amene mumagwiritsa ntchito OsmAnd, pali chinthu china chimene chimasokoneza ambiri. App imeneyi ili ndi mzere wowongoka woikidwa dala. Mu Navigation settings, pa Navigation type, muli Straight line ndi Direct-to-point, zopangidwira anthu oyenda pa madzi, m'mlengalenga kapena m'tchire mopanda msewu. Ngati mwadina mwangozi chizindikiro cha ndege m'malo mwa galimoto, kapena wina anasintha pamenepa, app idzakupatsani mzere wowongoka ngakhale data ndi mapu zilipo. Bwererani ku chizindikiro cha galimoto, njinga kapena munthu woyenda. Ngati mzere sukuchoka, onani ngati munatsitsadi mapu a dera limene muli ndi a kumene mukupita. Mu Route parameters mulinso pamene mumasankha kuti app ifune njira ina mukapatuka ndi mamita angati. Mukaika ochepa kwambiri, m'tauni muja idzakusokosani pa kona iliyonse chifukwa cha kulumpha kwa kadontho. Mukaika ochuluka kwambiri, mudzayenda mtunda mutasochera iyo ili chete. Wogwira ntchito m'tauni akweze pang'ono nambalayo kuti kulumpha kwa mamita makumi angapo kusawerengedwe ngati kusochera.

Mzere wowongoka uli ndi ntchito yake. Mukuyenda m'mapiri a Klipriviersberg kapena Melville Koppies, pa pulazi, kapena kumudzi kumene tinjira sitinalembedwe pa mapu, umakuuzani mbali yolowera ndi mtunda wotsala. Koma mumzinda uno musautsate ndi mapazi, chonde. Joni inadulidwadulidwa ndi njanji, misewu ikuluikulu, mitsinje ndi milu ya dothi la m'migodi. Pa sikirini Newtown ndi Braamfontein n'zogundana, koma pakati pali njanji zoposa 40, zimene Nelson Mandela Bridge, mlatho wa mamita 284 umene unatsegulidwa mu 2003, umadutsa pamwamba pake. Alexandra ndi Sandton zikuonana, koma pakati pali M1, ndipo woyenda pansi ayenera kukafuna mlatho wa ku Grayston. Kudumpha freeway (msewu waukulu ngati M1) wapansi n'koletsedwa ndipo anthu amafera pomwepo. Mtsinje wa Jukskei m'nyengo yamvula umadzaza mwadzidzidzi, mvula itagwa kwina kumene inu simunaione. Mzere ukadutsa pa chimodzi mwa zimenezi, yang'anani pa mapu pamene pali mlatho wapafupi, muike pamenepo ngati poyamba kufika.

Pini ikagwera kuseri kwa mpanda

Nthawi zambiri njira imayenda bwino mpaka kumapeto, kenako mapu akuti mwafika, inu mukuona khoma lalitali la waya wamagetsi, ndipo pa sikirini pali timadontho tolumikiza msewu ndi pini (kachizindikiro kosonyeza kumene mukupita) imene ili mkati. Apa foni siinalakwe. Pini inaikidwa pakati pa complex (nyumba zambiri za mumpanda umodzi), ndiye app yasankha msewu umene uli pafupi kwambiri ndi piniyo, pamene geti lili msewu wina, mwina kuzungulira kilomita yathunthu. Kumadera a Fourways, Midrand, Sunninghill ndi Roodepoort zimenezi n'za tsiku ndi tsiku. M'madera ena eni nyumba anatseka misewu ndi mageti a alonda, ena mwa iwo amakhomedwa usiku, ndipo mapu samadziwa nthawi zonse. Mukamazungulira kufuna polowera, app imakubwezerani pa khoma lomwe lija chifukwa kwa iyo pamenepo ndi pofikira.

Lembani dzina la complex m'malo mwa nambala ya nyumba, kapena yang'anani pa chithunzi cha Satellite muone pamene pali geti, mudine pamenepo mosachotsa chala kuti pagwe pini yatsopano. Mukafika pa malo amene mudzabwereko, sungani pini ya pa geti ndi dzina limene mungalikumbuke. Ndipo musachite manyazi kufunsa: bwana, geti lanu lili msewu uti, ndipo alonda ndiwauze nambala yanji?

Mukamatumiza lokeshoni inuyo pa WhatsApp, pansi pa mawu akuti Send your current location pamalembedwa kuti yalondola mpaka mamita angati. Mukatumiza muli m'chipinda cha kuseri, pansi pa malata ndi makoma, nambalayo imakhala yaikulu ndipo mlendo wanu akagogoda kwa eni. Tulukani mukaime pa geti, mudikire nambalayo itsike, kenako tumizani. Samalaninso kuti musadine dzina la sitolo kapena tchalitchi pa mndandanda wa pansi, chifukwa pini ipita kumeneko. Ku Diepsloot, Ivory Park kapena m'mikhukhu mmene mulibe mayina a misewu, ndi bwino kupangana pa sukulu, pa chipatala kapena pa garaji yothira mafuta, n'kuyatsa live location, imene mungaike ya mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, kuti wina adzakutengeni.

Mayina nawo amasocheretsa. 4th Avenue ili ku Parkhurst, ku Linden, ku Melville, ku Mayfair ndi ku Alexandra, ndipo Main Road ili paliponse. Lembani dzina la dera nthawi zonse, ndipo musanadine Start onani mtunda: ngati kasitomala anati ndi pafupi koma foni ikuti makilomita 25, mwasankha msewu wa dera lina. Misewu ina inasinthidwa mayina pamene anthu akutchulabe akale. William Nicol Drive inakhala Winnie Mandela Drive mu Seputembala 2023, Market Street ndi Albertina Sisulu, President Street ndi Helen Joseph, Sauer Street ndi Pixley ka Isaka Seme. Mapu akale amene simunawakonzenso akhoza kukhala ndi dzina losiyana ndi la pa chikwangwani.

Mukasocheradi

Tiyerekeze kuti zonse zili bwino, kungoti mwaphonya potulukira. Pa freeway musabwerere chafutambuyo, ndipo musadule mizere mwadzidzidzi pofuna kugwira mphanda imene mwaidutsa kale. Pitirirani mukatulukire potsatira. M'misewu ya m'tauni app imakonda kunena kuti tembenukani, chifukwa pa masamu ake njira yaifupi ndi kubwerera. Ngati pali mzere wosadukiza, chikwangwani choletsa kapena njira ya mabasi a Rea Vaya pakati, musamvere. Pitirirani, ikaona kuti simukutembenuka ipeza njira yozungulira.

Chimene ndimafuna m'bale aliyense wobwera kumene amve ndi ichi: app ikamafuna njira yatsopano imayang'ana mphindi, siiyang'ana ngati msewuwo uli ndi magetsi kapena ngati ndi woyendamo usiku ndi njinga yonyamula katundu. Mu Novembala 2023 Google inalengeza kuti mapu ake asiya kudutsitsa anthu ku Nyanga pochoka pa bwalo la ndege la Cape Town, alendo angapo atachitidwa chipongwe kumeneko, wina mpaka kuphedwa. Ndiye njira ikasintha usiku n'kukulozerani kumalo kumene simukudziwa, musaime pansi pa mlatho kapena m'mbali mwa freeway kuti muone foni. Pitani pa garaji yowala imene ili ndi anthu, muime pamenepo, muchepetse mapu muone njira yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati simukukhutira nayo, gwiritsani ntchito Add stop: ikani garaji kapena mall imene ili pa msewu umene mumaudziwa, ndipo app ikakamizika kudzera kumeneko ngakhale itasinthanso njira kangati.

Njira yomweyi imathandiza msewu ukatsekedwa. Msewu wa Lilian Ngoyi utaphulika ndi gasi pa 19 Julayi 2023, chigawo chake chinakhala chotseka nthawi yaitali. Kutseka kwakukulu kotero mapu amadziwa msanga, koma paipi yamadzi imene yaphulika m'mawa uno, kapena anthu amene atseka msewu ndi matayala, mapu amachedwa nazo. Mukapatuka, app imakubwezerani pa malo otsekawo mobwerezabwereza. Ikani poima pa msewu wina kutsogolo kwa malo otsekawo, ndipo mukaima bwino nenani za kutsekako mu app kuti anzanu obwera m'mbuyo asakodwe.

Ngati mapu akukana kukulowetsani mu freeway, n'kumakupititsani m'tinjira ta maloboti ambirimbiri, onani Route options. Mwina Avoid highways n'choyatsa. Ambiri anayatsanso Avoid tolls m'masiku a e-toll, ndalama yolipirira misewu ikuluikulu ya kuno, imene inayamba mu Disembala 2013 n'kuzimitsidwa usiku wa pa 11 Epulo 2024, kenako anaiwala. Lero chimenechi chimaonekera mukamatuluka mumzinda: kummwera app ipewa geti lolipira la Grasmere, ndipo pa ulendo wakumpoto ikuchotsani pa N1 n'kukuikani mu R101 ndi misewu ina pothawa mageti olipira a Pumulani, Carousel, Kranskop, Nyl, Capricorn ndi Baobab. Ngati ndi zimene mukufuna palibe vuto, bola musankhe mukudziwa. Wa kanjinga ka injini yosaposa 50cc ndi wa njinga yakapalasa, inu Avoid highways muziyatsa ndithu, pakuti lamulo silikulolani pa freeway.

Opita kumudzi pa galimoto, kumbukirani kuti data ya kuno imathera pa Beitbridge, makilomita oposa 500 kuchokera ku Joni. Tsitsani mapu a njira yonse muli kuno pa Wi-Fi: Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza kapena Dedza. Bokosi la Google Maps lili ndi malire a kukula, ndiye pafunika mabokosi angapo olumikizana m'mphepete. Pakatsala mpata pakati pa mabokosi awiri, njira imaduka pamenepo. Yesani musananyamuke: zimitsani data ndi Wi-Fi, mufunse njira ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre muone ngati ikutuluka.

Mukayesa zonsezi kadontho n'kumalumphabe, yatsala ndi foniyo. Pitani pabwalo la mpira kapena malo ena oyera, muyatse data, muime mphindi zingapo mutatsegula app ya mapu, kenako mutsegule ina. Ngati imodzi ikulondola ina ayi, vuto ndi app: ikonzeni ndi Update kapena chotsani cache yake (zinthu zimene imasunga mongoyembekezera). Ngati zonse zikuphonya pamene foni ya mnzanu amene waima pambali panu ikulondola, n'kutheka kuti kachingwe kolandirira GPS kanasuntha, makamaka ngati foni inagwapo kapena inatsegulidwa posintha sikirini kapena batire. Mukapita kwa okonza mafoni auzeni kuti vuto linayamba liti ndi zimene mwayesa kale, ndipo akamaliza tulukani nayo panja muiyese musanalipire.